Duwa la a Hilário

Deolinda anali atagwada pakhonde, mwala uli m'manja, pamene mayi wina wachilendo anaodira. Linali tsiku lachinayi chiikireni maliro a mwamuna wake, a Hilário. Mphika wa duwa lawo la orikidiya, limene malemuwo anakalitenga ku phiri la Tumbine, unali utang'ambika, mizu yoyera itatulukira m'ming'alu.

"Ndine Benvinda wa ku Muloza, kutsidya kwa malire," anatero mlendoyo. "Musaswe choncho mayi, muthyola mizu. Yambani mwaunyika m'madzi."

Deolinda anamuzindikira. Ndi uja analira mosatonthozeka kumanda, popanda womudziwa. A Osório, ang'ono awo a malemu, anasiya kupopa njinga.

"Alamu, chenjerani," anatero, osatsitsa n'komwe mawu. "Oterewa amayamba ndi maluwa. Mawa abwera ndi mwana, mkuja afuna munda wa ku Mongue."

Benvinda anangokwinya chitenje n'kugwada. Mphika utanyowa, anausenda chidutswachidutswa. Anadula mizu yowola ndi mpeni, pabala lililonse n'kupaka phulusa, kenako n'kuuzira. Anapempha makala ndi makungwa, nati dothi ayi.

Maso a Deolinda sanachoke pa manja amenewo. Ndi mmene ankachitira a Hilário, mpaka kauziridwe komwe. Ndipo Loweruka lililonse bamboyo ankawoloka malire ndi katundu wa nandolo, n'kubwera dzuwa litapendeka.

"Anakuphunzitsani ndani?" anafunsa Deolinda.

"Iwowo."

"Kuti? Kunyumba kwanu?"

"Kumanda, mayi."

Benvinda anapukuta mpeni pachitenje. "Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mwana wanga Belinha anakomoka tili pamsika wa Milange. Amuna anu anatikweza panjinga yawo. Mwanayo anatsirizika kumsana kwanga tili m'njira. Iwo anatsika, n'kukankha njinga pambali panga mpaka kwathu. Chaka chotsatira anabwera ndi mphukira ya duwali, n'kuimangirira pamtengo wa pamanda a mwanayo. Chilimwe chathachi inauma. Anati adzandigawira ina akachira."

"Nkhani yokoma," anatero a Osório. "Mboni zilipo?"

"Manda alipo, bambo."

Deolinda anafufuza m'mutu mwake tsiku limenelo, koma sanalipeze. Zaka zonsezo, munthu wogona naye mphasa imodzi osatchulapo ngakhale liwu! Mwina mayiyu ankanena zoona. Mwina ankanena theka lokha. Woti amufunse anali pansi pa dothi.

"Ankalowa m'nyumba mwanu?" anafunsa Deolinda.

"Ankamwa madzi pabwalo."

"Amuna anu alipo?"

"Anapita ku Joni kalekale."

A Osório anaseka chamumphuno.

Deolinda analanda mpeni uja n'kudula duwalo pakati. Linagawika mosafanana: mbali ina yaikulu, yokhala ndi phesi lodzaza maluwa osamasula, ina ya masamba atatu okha. A Osório analoza yaing'onoyo ndi chala chakuphazi.

"Mpatseni kameneko azipita."

Deolinda anakhala kanthawi atagwira mbali zonse ziwiri. Kenako anang'amba tsamba la nthochi, n'kulinyowetsa, n'kukulunga yaikuluyo. Anaiika m'manja mwa Benvinda osamuyang'ana kumaso.

"Alamu! Mukupereka yamaluwayo?"

"Akulu anu mwawaiwala kale?" anatero Deolinda. "Akagawa chinthu, ankatsala ndi chaching'ono."

Anakokera pafupi mphika watsopano, nayamba kuyalamo makala.