Kapu ya Ulusi Wofiira

Anthu a m'nyumba yosanjikizana ija ankawatchula kuti agogo Samalani, chifukwa munthu sunkadutsa pakhomo pawo osamva mawu amenewo. Samalani ndi masitepe. Samalani ndi nyama ya dzulo. Samalani ndi madzi a m'thanki, mukudziwa chomwe chinaferamo? Ana ankawayeserera akamatsika, koma iwo sankakwiya. Munthu amene anaikapo mwana wake m'manda chifukwa cha m'mimba saona choseketsa pa mawu amenewo. Mwana wawo wamkazi anadya chakudya cha pamsewu ali bwinobwino, sabata isanathe anali atapita, n'kuwasiyira kamtsikana.

Kamtsikanako kanakula, kanaphunzira, n'kupeza ntchito ku labotale. Awiriwo ndiye anali banja lonse: zipinda ziwiri, tebulo limodzi, zenera loyang'ana pamalo okwerera basi. Agogo ankayesa kuti labotale ndi ofesi ya mapepala, mpaka tsiku lina akudya, mdzukulu wawoyo anawamasulira.

"Timaweta tizilombo, agogo. Tija ta m'matumbo. Dzina lake ndi ikolayi."

"Mumaweta? Ngati nkhuku?"

"Kuposa nkhuku. Tili ndi timbale take, chakudya chake, ndi kabati yofunda yogonamo. Kukacha mumapeza tadzaza mbale."

"Ndiye mumakagulitsa kuti? Akugula ndi wamisala wake uti?"

Mdzukulu anaseka mpaka kutsamwa. Anati tambiri n'tofatsa, tili m'mimba mwa aliyense, ngakhale mwa agogo omwe. Tina n'tolusa, ndipo anzake amatisaka mu nyama ndi ndiwo zamasamba zisanapite kumsika. Ena amatituma ntchito, moti ngakhale mankhwala ena a shuga, obaya aja, amapanga ndi tomweto.

"Ine yanga ndi kuyesa mankhwala. Ndimaika timapepala ta mankhwala m'mbalemo. Mankhwala akakhala amphamvu, tizilombo sitiyandikira, pamatsala kabwalo koyera kuzungulira pepala."

Agogo sanamve zonsezo. Anamva chimodzi chokha: kuti manja omwe ankapisa m'mbale imodzi ndi iwo ankaswera akugwira chinthu cha m'matumbo. Anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kunena kuti akhuta.

Kuyambira pamenepo pakhomo panakhala ndowa, sopo ndi nsanza. Nsapato za kuntchito zinkagona panja. Mdzukulu anapatsidwa mbale yakeyake, ndipo pa chogwirira cha kapu yake agogo anamangapo ulusi wofiira kuti isasokonekere ndi zina.

"Agogo, timavalatu magolovesi. Ndimasamba kuposa namwino."

"Golovesi siboola? Sopo ali ndi maso? Siya ntchito imeneyo, mwanawe. Anzako akugulitsa nsalu, akugona tulo."

Anasiya kudyera limodzi. Agogo ankadya msanga, mdzukulu akamafika ankapeza chake chovindikira kumapeto kwa tebulo. Iwo ankakhala kuchipinda chitseko chili chotsegula pang'ono, n'kumamvetsera supuni ikugunda mbale. Ankafuna kutuluka, koma mantha ankawabweza.

Ndowa sinawakwanire. Chilombo chosaoneka ungachitsekere ndi ndowa? Pa ngodya ya msewu panali bambo wina wogulitsa mabatire, zipeso ndi makapisozi. Ana inu, mankhwala ogona pa tebulo limodzi ndi zipeso muziwaopa, koma muziopa koposa munthu wamantha amene wawagula.

"Amapha tizilombo ta m'mimba amenewa?" anafunsa agogo.

"Amayi, awa amapha ndi tomwe sitinabadwe. Ofiira akakana, tengani achikasu. Kusakaniza ndiye bwino."

M'mawa uliwonse agogo ankatsegula kapisozi mmodzi n'kukhuthulira ufa wake mu fulasiki ya tiyi yomwe mdzukulu ankanyamula. Kuwawako ankakubisa ndi shuga ndi jinja. Zikhungwa zake sankataya, poopa kuti mwana wa eni angatole n'kumeza. Ankazisunga m'chitini cha mkaka kuseri kwa thumba la makala.

"Tiyi wanu masiku ano ali ndi mkwiyo, agogo."

"Ndi jinja. Imwa, kunja kukuzizira."

Akatero ankaima pazenera mpaka basi itanyamuka, mtima uli m'malo. Miyezi inadutsa, chitini chikudzaza. Mdzukulu akadandaula kuti m'mimba mukubwadamuka, agogo ankati n'zakuntchito zomwezo, n'kuwonjezera ufa.

Kenako mdzukulu anadwala zenizeni. Anayamba ndi kuwotcha pokodza, kenako msana cha m'nthitimu, kenako malungo onjenjemeretsa bedi. Anamugoneka m'chipatala. Mankhwala oyamba sanagwire. Achiwiri sanagwire. Agogo ankabwerera kunyumba nthawi yoona odwala ikatha, n'kupeza ndowa ili pakhomo, yopanda woisambira.

Masana ena kunabwera mnzake wa kuntchito, mtsikana wamagalasi, kudzatenga zovala. Agogo anamusambitsa m'manja kawiri asanalowe. Iye sanatsutse. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha kambale.

"Aka n'kachilombo komwe kamudwalitsa, agogo. Ndi ikolayi, kachoka m'matumbo n'kukwera mpaka ku impso. Mukuona timapepalati? Pamayenera kukhala mabwalo oyera. Taonani, kamera mpaka kukhudza pepala, ngati kakudyerapo. Ndi pepala ili lokha lomwe lili ndi bwalo, ndiye amuyamba mankhwala amenewa, a diripi."

"Achira?"

"Achira, tikuyembekeza choncho. Koma mabwana akudabwa. Kachilombo kamaphunzira, agogo. Mukamakapatsa mankhwala pang'onopang'ono, osakwana kukapha, kamazolowera. Iye akulumbira kuti sanamwe mankhwala chaka chonse. Ndiye mabwanawo akuti mwina anakatenga kuntchito mosasamala. Zikakhala choncho amuchotsa pa tizilombo, akamuika ku mapepala." Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Akulirira zimenezo kuposa mmene akulirira impsozo."

Mtsikanayo atapita, agogo anakhala pansi m'khitchini, moyang'anana ndi thumba la makala. Ku mapepala! Si zomwe ankapempherera zija? Akangokhala chete, mwana abwera kunyumba, ndowa ichoka pakhomo, adyeranso mbale imodzi. Palibe anaona. Bambo wa zipeso sadziwa ndi dzina lawo lomwe. Koma akatulutsa chitinicho, mwanayo adzawayang'ana ndi maso ati? Ndani amakhala ndi munthu womuthirira zinthu m'tiyi?

Anadzuka, anatsuka mbale zotsuka kale. Anakaima pazenera. Basi inatsitsa anthu, aliyense analowera kwawo. Anakumbukira mmene mwanayo anasekera tsiku lija mpaka kutsamwa, akufotokoza za kabati yofunda. Chimangire ulusi uja sanamumvenso akuseka choncho m'nyumbamo.

Nthawi yoona odwala itakwana, analowa mu wodi chitini chili m'chikwama. Mdzukulu anali atawonda, diripi ili pamkono.

"Mwandibweretsera mkaka, agogo? Chitini chonse? Mukufuna ndikatuluke ndili ngati thanki?"

Agogo anatsegula chivindikiro n'kuika chitinicho pabulangeti. Zikhungwa zofiira ndi zachikasu zinachita waa.

"Si jinja uja," anatero. "Ukawaonetse mabwana akowo. Uwauze kuti manja ako ndi oyera."

Mdzukulu anatola chikhungwa chimodzi, anachitembenuza, n'kuwerenga timalemba take. Anapisa dzanja mpaka pansi pa chitini.

"Zonsezi? M'mimba mwangamu?"

"Ndimati ndikutchingire, mwanawe. Amayi ako..."

"Amayi anga musawatchule pamenepa."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangotseka chitini, n'kuchikankhira pansi pa pilo, n'kutembenukira kukhoma. Agogo anakhala pampando mpaka namwino anawauza kuti nthawi yatha.

Mwanayo anachira. Mabwana anati palibe angalumbire kuti ndi makapisoziwo okha, koma chitini chinalankhula mokwanira, ndipo anamubwezera ku timbale take. Atatuluka m'chipatala anabwera ndi mtsikana wamagalasi uja, analongedza masutikesi awiri, n'kunena kuti wapeza chipinda pafupi ndi kuntchito. Za mabasi, anatero, zimamutopetsa. Agogo anagwira chitseko kuti masutikesi adutse. Mawu akuti samala anafika pammero, koma anawameza.

Nyumba ya zipinda ziwiri imakula zedi munthu akatsala yekha. Firiji imalira ngati ili ndi mlandu. Agogo anachotsa ndowa pakhomo. Ana a pa masitepe anadabwa kuti akudutsa osachenjezedwa, mpaka wina anagogoda kufunsa ngati akudwala. Pazenera ankaimabe m'mawa, kuonera basi yonyamula ana a eni.

Lamlungu lina masana kunamveka kugogoda. Anali mdzukulu, atanyamula malalanje ndi fulasiki yatsopano. Anayang'ana pomwe pankakhala ndowa, n'kulowa.

"Ndaphika, mwanawe. Ndikupakulire?"

"Ndadya kale, agogo."

"Tiyi?"

"Ndabwera naye wanga."

Anakhala patebulo, wina uku wina uko. Anakamba za mitengo ya zinthu, za bondo la agogo, za mwana wa pansi yemwe wathyoka mkono pa masitepe omwe aja. Mdzukulu ankamwera pa chivindikiro cha fulasiki yake, dzanja lina litagwira fulasikiyo osaisiya.

Agogo anadzuka, anapita pa shelefu. Makapu anali anayi. Anatenga ya ulusi wofiira ija, osaitsuka, n'kuikankhira patsogolo pa mdzukulu.

"Ndithirireko."

"Ndapanga ndi manja a kuntchito aja, agogo."

"Ndaona. Thira."

Mdzukulu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anathira mpaka theka. Agogo anamwa wonse, pang'onopang'ono. Tiyiyo analibe shuga wokwanira, koma sanadandaule.

Dzuwa lisanapendeke mdzukulu ananyamula fulasiki yake, n'kunena kuti akapeza mpata adzabweranso. Agogo anakaima pazenera mpaka basi inakhota pa ngodya, pomwe bambo wa zipeso anali kuyala katundu wake. Kenako anatsuka kapu ija n'kuiika pakati pa zinzake.