Makina Amene Anati Ndi Akufa

Mphekesera inayambira ku saluni, monga mwa nthawi zonse, ndipo pofika Lachinayi inali itafika kale pa sitolo ya buledi. Akuti makina aja a amayi amasiye apakona, amene a Sipanala ananena ndi pakamwa pawo kuti ndi akufa, akumveka kulira m'galaja mwa a Sipanala omwewo. Anthu ankangonong'onezana, chifukwa aliyense mumsewu wathu ankadziwa amene anayamba kuwafuna makinawo. Anali a Nesi, achemwali awo a a Sipanala, bere limodzi.

Koma ndiyambire poyambira, mungasokonezeke.

A Nesi anagwira ntchito kuchipatala zaka makumi atatu. Atapuma, anthu ankaganiza kuti ayamba kuweta nkhuku ngati anzawo. Ayi ndithu. Iwo ankafuna makina ang'onoang'ono osemera zitsulo. Ngati simunawaonepo, amatere: mumamanga kachitsulo pakamwa pa makina, iko n'kumazungulira, inu n'kumayendetsa kampeni pang'onopang'ono mpaka kasanduke chimene mukufuna, kaya chogwirira cha kabati, kaya nguli ya mdzukulu. Za bizinesi analibe nazo ntchito. Ankangofuna kuti manja awo achite zimene anawakaniza ali mtsikana.

Malemu bambo awo anali mmisiri wa makina oterewa, koma ankaphunzitsa mwana wamwamuna yekha. Ntchito ya mtsikana inali kusesa tizitsulo topotanapotana togwa pansi. Ndiye ankasesa mochedwa dala, tsache pansi, maso pa manja a bambo ake. Mlongo wake wamng'onoyo ankaphunzira akuyasamula, komabe anakula n'kukhala makanika. Dzina loti Sipanala analipeza chifukwa sayenda opanda sipanala m'thumba. Akuti ngakhale pa ukwati wake inalimo m'jekete.

Vuto la a Nesi linali thumba. Penshoni yawo inali yoti ukagula molakwika kamodzi, basi, kwatha. Choncho anayamba ayendayenda kaye kufufuza makina. Ku sitolo yayikulu ya zipangizo anapeza makina atsopano, ofiira, onyezimira. Atatsegula kachitseko ka m'mbali anaona magiya apulasitiki, ndipo anatseka mwaulemu n'kutuluka. Kumalo ogulitsa zitsulo zakale anapeza chimakina chotsika mtengo, koma chachikulu ngati ng'ombe, chofuna magetsi a kufakitale. Pakhomo pawo chikanalowa pokhapokha atagumula khoma.

Kenako anamva kuti amayi amasiye apakona akugulitsa katundu wa amuna awo, amene kale ankaphunzitsa za umisiri. M'kachipinda kakuseri, pansi pa bulangete lakale, munali makina obiriwira, aatali ngati mkono umodzi ndi theka. Magiya achitsulo okhaokha. Timipeni tonse tili m'chitini cha mabisiketi. A Nesi atawagwira, mtima unagunda ngati wa mtsikana amene walandira kalata.

Komabe anadzikayikira. Kuona ndi maso si kudziwa, anatero mumtima. Ndiye Loweruka anatenga mlongo wawo kuti akawayendere.

A Sipanala anawazungulira makinawo kawiri, manja kumbuyo, ngati dokotala.

"Achemwali, tapitani mukapemphe kansanza ndi palafini pang'ono. Fumbi ili sindikuona kanthu."

A Nesi anapita. Amayi amasiye aja ndi olongolola, ndiye kansanza kokha kanatenga nthawi, kudutsa pa nkhani ya mawondo awo ndi ya mpongozi wawo waulesi. Pobwerera anapeza a Sipanala akupukusa mutu.

"Tagwirani apa," anatero, akuloza kangolo kamene kamanyamula mpeni n'kumayenda pa tinjanji tiwiri. "Gwedezani."

A Nesi anagwedeza. Kangolo kanachita khwekhwerekhwekhwere.

"Mwamva? Njanji zinadyeka kalekale. Mpeni ukamavina chonchi, simungaseme ngakhale msomali. Awa ndi maliro, achemwali. Mukufuna kugula maliro?"

"Sangakonzeke?"

"Akanakhala okonzeka, ine ndikanakubisirani? Ndine ndani wanu ine?"

A Nesi anakhulupirira. Ndipo poti ndi munthu wachilungamo, anapita okha kukawauza amayi amasiye kuti pepani mayi, makinawa ndi otha, musavutike kuyembekezera mtengo wabwino. Pobwerera anamugulira mlongo wawo chakumwa chozizira, kumuthokoza kuti wawapulumutsa.

Patangotha milungu iwiri, ndi pamene mphekesera ija inayamba. A Nesi anali omaliza kuimva. Anaimva ali pansi pa chowumitsira tsitsi, pamene anthu ankaganiza kuti sakumva. Anatuluka tsitsi lisanaume, n'kulunjika ku galaja.

Phokosolo analimva ali pa geti. Linali losalala, ngati mphaka wokhuta. Mkati, pa tebulo latsopano, panali makina obiriwira aja, atapukutidwa bwinobwino, chitini cha mabisiketi chili pambali. A Sipanala atawaona anazimitsa msangamsanga.

"Achemwali, bwanji osandiimbira kuti mukubwera?"

"Maliro sayitanira munthu. Ndamva kuti akufa auka, ndabwera kudzaona."

Sanadikire kupatsidwa mpando. Anagwira kangolo kaja n'kugwedeza. Zii. Kolimba ngati mwala. Anawerama, n'kuona timasikuluwu tinayi m'mbali mwake, mitu yake ikunyezimira chifukwa chogwidwagwidwa posachedwa. Apo ndi pamene anakumbukira bambo awo akumanga timasikuluwu totere Lolemba lililonse, iwo akusesa. Ukatimasula, ngakhale makina atsopano amavina.

"Kansanza ndi palafini," anatero pang'onopang'ono. "Unanditumiza kansanza kuti umasule izi."

"Achemwali, khalani pansi kaye."

"Iwe, ndinakuberekapo kumsana ine. Unandikodzera pa diresi langa la sukulu. Usandiuze zokhala pansi."

A Sipanala anakanda m'mutu. "Chabwino, ndinamasula. Koma taganizani. Inu mwakula, maso ayamba kuvuta. Makina awa amadya zala. Mukanavulala anthu akanati chiyani? Akanati mlongo wake makanika anali kuti?"

"Ndabaya jakisoni makanda obadwa tsiku lomwelo, m'mitsempha yoonda ngati ulusi. Lero ukuopa zala zanga?"

"Komanso inu mumafuna zoseweretsa basi. Nguli. Ine ndi ntchito. Anthu a njinga zamoto amafuna tizitsulo tawo tsiku ndi tsiku, ndimachita kukagula kutali. Makina abwino chonchi azikasema nguli?"

"Bwanji sunandiuze choncho tsiku lija? Ukanati achemwali, ndikuwafuna ndine. Tikanakangana, mwina ndikanakusiyira. Koma unandiimika pamaso pa mayi wamasiye, ine n'kumuuza bodza lako ndi pakamwa panga. Unawagula motchipa chifukwa cha ine."

Apa a Sipanala ankangotembenuza sipanala m'manja.

"Undigulitse makinawa," anatero a Nesi. "Pa mtengo umene ndinkafuna kuwapatsa amayi aja. Ndalama zoposa zimene unalipirazo ukawapatse amayiwo."

"Sizingatheke, achemwali. Ndalonjeza kale anthu ntchito ya mwezi wonse."

"Ndiye suntha."

Anasuntha, mwina chifukwa cha manyazi. A Nesi anavula mpango wa m'khosi, n'kupinda manja a bulauzi. Anatola kachidutswa ka mkuwa, n'kukamanga pakamwa pa makina. Anachotsa kiyi womangira asanayatse, monga ankachitira bambo awo. Palibe anawauza. Atayatsa, anabweretsa mpeni pang'onopang'ono mpaka unakhudza. Mkuwa unayamba kusendeka, kuwala kukutuluka pansi pa dzimbiri lobiriwira, tizidutswa tagolide tikugwera pa nsapato zawo.

Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti zinali zokoma ndendende mmene ankaganizira zaka zonsezi. Akanakonda zikanakhala zovuta, kapena zotopetsa, kuti apite kwawo akuti kaya, zisiyeni. Koma ayi.

"Munaphunzira kuti?" anafunsa a Sipanala ndi mawu aang'ono.

"Pa tsache."

Anazimitsa, n'kupukuta manja pa ovolosi ya mlongo wawo imene inali pa msomali. Potuluka sanapite kwawo. Anakhotera pakona, n'kukawauza amayi amasiye zonse, osasiyako. Amayiwo analira pang'ono, kenako anavala nsapato n'kupita ku saluni. Kuyambira tsiku limenelo a Sipanala akadutsa, azimayi amafunsana mokweza ngati wina ali ndi kansanza.

Makinawo ali m'galaja mpaka lero. Sabata yatha alamu awo a a Nesi, akazi a a Sipanala, anabwera ndi kiyi wa galajayo atamumanga pa kachingwe. Akuti amuna awo ati Lamlungu lililonse masana galaja imakhala yopanda munthu, achemwali azibwera kudzasema mmene angafunire, mkuwa ndi waulere. Kupepesa ayi, mawu amenewo sanatumize. Anatumiza kiyi basi.

A Nesi sanamulandire m'manja. Alamu awo anangomusiya pa tebulo n'kutsanzika. Pano a Nesi ayambiranso kufunsafunsa za makina ena, koma obiriwira ngati aja sapezeka kawiri, ndipo iwo akudziwa. Akuti Lamlungu lapitali anavala nsapato zotseka, anafika mpaka pa geti lawo, n'kubwerera m'nyumba.

Mumsewu anthu agawanika. Ena akuti apite, magazi ndi magazi, ndipo zala sizidikira munthu, zikuuma. Ena akuti akangolowa m'galajamo ndiye kuti avomera kukhala mlendo pa makina awo omwe, kumasema mwachilolezo cha wakuba, kenako n'kusesa pomaliza.

Nanga inuyo, akanakhala mlongo wanu, kiyi ameneyo mukanamutola?