Utoto Wakuda pa Mapu a M'tchalitchi

Kuseri kwa guwa, pomwe kale panali mtanda umene bambo ake a mbusa anapala, tsopano panapachikidwa mapu a dziko lonse. Dziko lina likagwa m'nkhondo kapena m'chigumula, mbusa ankalipaka utoto wakuda kuti mpingo uone kumene Mulungu wadutsa ndi chikwakwa chake.

Lamulungu lina anapaka dziko limene mkulu wake anaphunzitsako zaka zambiri, komwe mwana wamkazi wa mkuluyo anatsalira mumzinda wozingidwa ndi asilikali. Anthu atatuluka, mphunzitsiyo anapeza mng'ono wake akutsuka burashi m'chitini.

"Ndinakupempha kuti mpingo umupempherere mwana wanga. Iwe wam'paka utoto."

"Achimwene, ine sindipempherera Babulo. Amene amakweza mitundu ndi yemwe amaigwetsa. Munapitako nokha, ndipo mayi tinawaika inu kulibe."

"Aneneri ankalira polengeza chiweruzo, iwe ukuimba mluzu. Unawerenganso theka lokha la mawu awo. Akamaliza ndi adani, chala ankachilozetsa kwawo."

"Mabuku mwabwera nawo, mwana mwamusiya. Woyenera kulira ndani pamenepa?"

Mawuwo anamuponda mphunzitsiyo pachilonda. Analanda burashi, n'kuiviika mu utoto, n'kufunafuna pamapu kadziko kawo kamene ankakalota ali kunja, kamene kanamulandira ngati mlendo wobwera ndi matenda. Anakapaka konse mpaka m'malire.

"Uwauze anthu ako kuti nawonso ndi Babulo, apo ayi upempherere maiko onse awiri."

Mbusa anayang'anitsitsa mapuwo, kenako anatola makiyi.

"Tulukani, achimwene. Ndikufuna kutseka."