Mfumu ya Ngodya Zinayi

Nabi-Sin ndi amene anapha mwamuna wanga Ilibani. Anali kapitawo wa okumba ngalande kwathu ku Larsa, ndipo anamukwapula mpaka kufera m'matope momwemo, chifukwa chongokhala pansi malungo atamugwira. Mlandu sunapite kulikonse. Chigawengacho chinapitiriza kudzamwa mowa wa balere panyumba panga, ine n'kumachithirira mtima ukuwira.

Akaledzera ankakwera pamtsuko. "Iwe Belesunu, gwada! Mfumu ya dziko lonse ndi ino! Mfumu ya ngodya zinayi!" Mayina a mfumu yathu amenewo, odindidwa pa njerwa za kachisi, iye kumatsukira m'kamwa.

Kenako kunachitika kadamsana wa mwezi, ansembe n'kunena kuti mfumu ifa. Zikatero mfumu imavula zachifumu n'kumatchedwa mlimi, pampando n'kukhala munthu wina kuti imfa ikabwera ipeze iyeyo. Nyengo yoopsayo ikatha, munthuyo amamupha. Ndinasiya mowa pamoto, ulendo wa kukachisi.

"Bambo," ndinauza wansembe wamkulu, "musavutike n'kufunafuna. Alipo amene amadzitcha kale mayina a mfumu. Mpatseni, akuwalira."

Tsiku lomuveka Nabi-Sin ufumu ndinatenga mwana wanga Shat-Ea, namwali, kuti naye aone wopha atate ake akunjenjemera. Tinagwada kutsogolo kwenikweni. Wolengeza anatchula mayina onse, mpaka a mayiko amene mfumu yeniyeniyo sinapondeko. Nabi-Sin thukuta lili kamukamu, chisoti chitamulowa mpaka m'makutu. Sindibisa, ndinasangalala.

Wansembe anawerama. "Mbuye wanga, mfumu sipita kumanda yokha. Sankhani mfumukazi."

Zimenezo ndinali nditaiwala. Maso a Nabi-Sin anayenda m'khamu lonse n'kudzandipeza, kenako anasunthira pa mwana wanga. Mantha a chigawengacho anatha.

Ndinakwawa mpaka pamapazi ake. "Mbuye wanga, kamwanaka kakudziwa chiyani? Tengani ine."

"Iwe?" Anandisisita kumutu ngati mbuzi yake. "Ufumu wonsewu wandipatsa ndiwe, Belesunu. Ndikulande moyo, ndine wosayamika? Khala, ukalambe."

Ndinayang'ana wansembe uja, iye n'kuyang'ana pansi. Mawu a mfumu ya ngodya zinayi sabwezedwa, ngakhale ikhale ya masiku owerengeka. Asilikali anamugwira dzanja Shat-Ea mwaulemu n'kumukweza pamasitepe, iye akundicheukira.