Chimbale cha Pulofesa

Achimwene ake a Pulofesa ankakonza mawailesi ndi masipika, koma ntchito imene ankaikonda ndi mtima wonse inali yopatsa anthu nyimbo zimene sanapemphe. Ukabwera ndi wailesi yosalankhula, ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kukufunsa ngati ukugona bwino, ngati kunyumba kuli mtendere, kenako n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza matenda. Tsiku lodzatenga wailesi unkapezanso chimbale m'kathumba kapepala. Pamwamba pake sankalembapo mutu wa nyimbo kapena woyimba. Ankangolembapo dzina lako ndi cholembera chakuda chonenepa.

"Ichi ndakusankhirani inuyo," ankatero. "Mukamve muli phee."

Zinali nyimbo zopangira pa kompyuta, zoyenda mwaulesi, zija zimalira m'mahotela anthu akudikira kiyi wa chipinda. Woyimba mulibe. Akapezekamo, ndi mayi wina amene amanong'ona mawu amodzi n'kusowa, ngati wakumbukira kuti wasiya simbi pa malaya. Amayi awo ankati zimenezo ndi nyimbo za munthu amene akudikira kuti nyimbo iyambe.

Dzina loti Pulofesa anam'patsa ndi achimwenewo, tsiku limene anapita ku koleji. Koleji anaisiyira panjira, koma dzinalo linam'kakamira. Tsiku limene anabwerako ndi zikwama zake, amayi analira ngati kwagwa maliro, abambo anatsegula nyuzipepala n'kubisalamo. Iye anapita kushopu, akuyembekezera kuti achimwene amukalipire kapena amutonthoze, chilichonse bola chotuluka pakamwa. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, anatsegula kabati, n'kumupatsa chimbale cholembedwa kuti Pulofesa.

Zinamupsetsa mtima. Munthu wagwa, iwe ukumupatsa mbale yapulasitiki? Anachiponya pansi pa chikwama. Achimwene atamufunsa ngati wachimva, anangoti, "Eya, n'chabwino," iwo n'kumwetulira ngati awina mpikisano.

Kenako tsiku lina masana achimwenewo anagwa m'shopu akulumikiza mawaya. Pofika kuchipatala n'kuti zonse zitatha.

Maliro atapita, Pulofesa anachifukula chimbale chija n'kuyamba kuyenda nacho m'thumba la jekete, koma osachiyika m'wailesi. Ankadziuza kuti mmenemo muli zimene achimwene ankafuna kumuuza tsiku lija n'kulephera, zosankhira iye yekha. Malinga ngati sanachimve, ndiye kuti achimwene anali asanamalize kulankhula naye.

Mwini nyumba atapempha makiyi a shopu, alamu ake, akazi a malemuwo, anaitana makasitomala kuti adzatenge katundu wawo Lamlungu masana. Ambiri anatenga mawailesi awo osakonza n'kumapita. Anatsala atatu, amene ankadziona ngati achibale. Panali Anti a saluni yoyandikana ndi shopuyo, panali a Buleki ophunzitsa galimoto, amene ankalankhula ngati aliyense watsala pang'ono kugunda mtengo, ndiye panali a Zulamano, dokotala wa mano wofatsa moopsa. Anti ndi amene anabwera ndi nzeru yoti aliyense abwere ndi chimbale chake, amvere limodzi pa masipika aakulu asanawamasule.

Shopu inali itayamba kale kuoneka ngati ya eni ena. Mashelefu anali mbee, pakhoma patatsala madindo a fumbi pamene panali mawailesi. Pa tebulo logwirira ntchito panali chitini cha masikulu omangira mawailesi ndi magalasi a malemu, mwendo umodzi womanga ndi waya. Alendo anakhala pa makatoni.

"Ndiyambe ine," anatero Anti, akupukuta chimbale chawo ndi mpango. "Ichi anandipatsa bambo uja atandithawa. Anati, 'Anti, ichi n'cha mzimayi amene wapereka zambiri kwa munthu wosayamika.' Ndinalira, inu. Ndinalira mpaka nsidze zomata zinagwa."

Pulofesa anachiyika m'makina. Kathireyi koyikapo chimbale kanakana kulowa mpaka anakamenya mbama, poti katundu wa wokonza zinthu sakhala wabwinobwino. Kunayamba kumveka mvula ikugwa pa malata. Kenako ng'oma, yolemera, yosafulumira, ngati mtima wa munthu wokhuta. Kenako kalipenga kakulira chapatali.

Anti anatseka maso n'kuyika dzanja pachifuwa.

"Imani, imani!" anakuwa a Buleki. "Pulofesa, wayika changa."

"Chanu chiti, bambo inu?" anatero Anti, diso limodzi lili chitsekere.

"Changa chimenecho. Mvulayo ndi yanga. Lipengalo ndi langa."

"Nanga chili m'manja mwanucho n'cha agogo anu?"

A Buleki anayang'ana m'manja mwawo. Chimbale chinalimodi, dzina lawo lili pamwamba. Anachipereka kwa Pulofesa mokwiya, ngati akupereka laisensi kwa wapolisi. Mbama pa kathireyi. Mvula pa malata. Ng'oma. Lipenga.

"Ayi, sizoona," anatero a Buleki. "Ine anandigwira pamkono, kundimva kugunda kwa magazi! Anati ichi n'cha munthu wothamanga magazi amene amakhala tsiku lonse pambali pa anthu ofuna kumupha."

"Ndiye kuti ine ndinalirira nyimbo za matenda a magazi?" anafunsa Anti.

Pakona kunamveka kaphokoso ngati tayala likuphwa. Anali a Zulamano akuseka osatsegula pakamwa.

"Changa musavutike nacho," anatero. "Mvula yomweyo. Ine anandiuza kuti n'chochotsa mantha kwa odwala. Wina anandipempha kuti ndizimitse, akuti bola kulira kwa makina obowolera."

Apa panabuka mkangano woti chenicheni n'cha ndani, ena aja n'kungopatsidwa zotsala. Anti anati iwo anathawidwa kalekale, a Buleki magazi asanayambe n'komwe kuthamanga. A Buleki anati magazi awo anayamba kuthamanga Anti asanapeze n'komwe mwamuna woti awathawe. Alamu, amene ankakulunga mawaya pambali, anadzuka, anatsegula kabati ya pansi pa tebulo, n'kutulutsa mulu wa zimbale zoloweka pa kamtengo kapulasitiki. Anauyika patebulo, cholembera chonenepa chija pambali pake.

"Ankazijambula Lamlungu ngati lero," anatero. "Mulu wonsewu n'chimodzi chomwecho. Zinkangodikira dzina."

"Kabati yomweyo?" anafunsa Pulofesa. Mawu anatuluka opyapyala, ngati a mwana.

"Yomweyo, mlamu."

Anaikumbukira bwino kabatiyo. Anakumbukiranso mmene achimwene anamuyang'anira nthawi yaitali asanaitsegule, ngati akuwerenga mumtima mwake. Mwina ankangoganiza kuti Pulofesa amalemba ndi L kapena R.

"Nanga iwe?" anatero Anti. "Mng'ono wake weniweni. Iwe ndiye anakusankhira chapadera. Tayika timve."

"Ndachiiwala kunyumba."

"Nanga chikutukumula jeketecho ndi chiyani, mtima?"

"Tayika, mwana iwe," anatero a Buleki. "Tonse tavulidwa pano. Iwe ndi ndani kuti utuluke utavala?"

Pulofesa anagwira thumbalo. Akanatha kukana. Akanatha kupita nacho kunyumba, n'kuchisunga mpaka ukalamba, chikhalebe cha iye yekha. Palibe akanamulanda.

"Musiyeni mwana," anatero alamu motsitsa, osamuyang'ana. "Chake chikhoza kukhala china."

Mmene ananenera zinaonetsa kuti akudziwa, ndipo akungomumvera chisoni. Chisoni ndiye chinali chitamukwana. Kuyambira pa maliro aliyense ankamulankhula ngati dzira losweka. Anatulutsa chimbalecho, nachiyika. Ulendo uno kathireyi kanalowa kokha popanda mbama, ngati nako kakufuna kumva.

Kunali zii. Anti anasiya kutafuna chingamu. Pulofesa anapemphera pemphero lopusa kwambiri m'moyo wake: Ambuye, ingakhale nyimbo yoipa bwanji, bola isakhale mvula.

Mvula inayamba kugwa pa malata.

"Galu wamkulu," anatero Pulofesa, akuyang'ana magalasi aja patebulo. "Tambwali. Ine kubwera pano moyo utasweka, inu n'kundipatsa mankhwala a mano?"

A Zulamano anaphwanso. Anti anayesa kugwira pakamwa koma zinakanika. Pulofesa nayenso anaseka, kuseka koipa kotulutsa mamina, ndipo atapukuta kumaso ndi mkono wa jekete palibe anamufunsa kuti madziwo achokera kuti.

"Inu bola munalandira," anatero alamu. "Ine sanandipatsepo n'chimodzi chomwe. Ankati makutu anga ndi opachikapo ndolo basi." Anakhala pa katoni, n'kupinda manja. "Tandiuzani tsono, inu a makutu. Chimatha bwanji?"

Onse anayang'anana.

"Kutha kwake?" anatero Anti. "Aaa, chimatha bwino. Mwakachetechete."

"Anti, nenani zoona."

"Ine ndikafika pa nyimbo yachiwiri ndimakhala nditalira kale, ndiye ndimatsegula wailesi ndimve nkhani."

A Buleki anati iwo ankachiyika m'galimoto, koma wophunzira akangophonya giya ankazimitsa kuti kukalipa kumveke bwino. A Zulamano anati wodwala aliyense ankamuyambira poyamba, ndipo dzino silichedwa kutuluka. Onse atatu malemu atawafunsa anayankha kuti n'chabwino kwambiri.

"Nanga iwe, mlamu?"

"Ine ndayamba kuchimva lero, pamodzi ndi inu."

Pulofesa anayang'ana mulu uja patebulo. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, anali ndi chimbale chimodzi chimene ankachikonda, ndipo ankanamiza tauni yonse, wina ndi wina, kuti mwina papezeke mmodzi wokhala pansi n'kuchimva. Ndipo tauni yonse inkamunamizanso.

Pulofesa anadzuka, anakoka chitseko chachitsulo mpaka pansi, n'kuyika kiyi m'thumba.

"Ukutani?" anafunsa a Buleki.

"Satuluka munthu mpaka chithe."

"Ine ndili ndi wophunzira madzulo ano!"

"Akhale ndi moyo tsiku linanso."

"N'chachitali bwanji?" anafunsa Anti mwamantha.

"Palibe akudziwa, Anti. Vuto lake ndi limenelo."

Pulofesa anakweza mawu a makinawo n'kukhala pansi, msana utatsamira sipika. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inayamba, ndipo kunena zoona panalibe kusiyana kwenikweni. Yachitatu munabwera mayi wonong'ona uja, ananena mawu ake amodzi, n'kumapita. Anti anati mayiyo akuoneka kuti amalipidwa pa liwu. Ina inali ngati munthu akukoka mpando m'chipinda chapamwamba, mwaulemu. M'shopu munayamba kutentha. A Zulamano anagona choongoka, manja ali pamaondo. Anti anayamba kumasula tsitsi la alamu popanda kupempha, alamu n'kungowasiya. A Buleki analimbana ndi tulo ngati mwamuna, koma tinawagwetsa, kukamwa kuli yasa.

Pulofesa anamvetsera mwamakani, ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa pamaso pa adani. Ankangoyembekezera kuti chithe, adzathe kunena kuti wachimva ndipo n'chachabechabe.

Chakumapeto ndithu, ng'oma ija inangoima. Inaima pakati, ngati munthu amene waitanidwa dzina. Panatsala kulira kumodzi kwa pansi, kokhuthala, kumene ankakumva m'nthiti kudzera m'sipika. Khutu linkayembekezera kuti kukwere. M'malo mwake kunatsika, n'kutsikanso, n'kukhala pomwepo nthawi yaitali mpaka Pulofesa anazindikira kuti wasiya kupuma. Kenako lipenga lija, limene nthawi yonseyi linkalira kutali ngati la eni ake, linabwera pafupi penipeni, mpaka kumveka mpweya wa woliza. Ndipo ng'oma inabwerera pang'onopang'ono ngati sinachokepo.

Anatembenukira ku tebulo logwirira ntchito, pakamwa atatsegula kale kuti awauze achimwene. Kunali chitini cha masikulu ndi magalasi.

Kenako anatambasula mwendo n'kugwedeza katoni ya a Buleki.

"A Buleki. A Buleki! Mwamva pamenepo?"

"Ponda buleki!" anakuwa a Buleki akudzidzimuka. "Chiyani? Chatha?"

"Pamene ng'oma inaima paja. Mwamva zimene lipenga linachita?"

"Lipenga lachita chiyani? Mwana iwe, tsegula chitseko."

"Anti, inu mwamva?"

"Ine ndamva njala," anatero Anti.

"Ayi, simunamvetsere bwino," anatero Pulofesa, atagwada kale kutsogolo kwa makina, chala chili pa batani. "Dikirani ndibweze. Koma kuti mupamve bwino, pafunika kuyambira nyimbo ya m'mbuyo mwake."

Shopu yonse inabuula. Alamu okha ndi amene sanadandaule. Anamuyang'ana mlamu wawoyo nthawi yaitali, tsitsi lili theka lomasula, kenako anasendeza katoni yawo kufupi ndi sipika.

"Bweza," anatero. "Ukafika pamenepo undikodole."