Tebulo Lopanda Kumutu

Amuna anga ndi kalipentala, ndipo anabadwa mapasa ndi alamu anga, dalaivala wa basi. Wamkulu ndani, palibe akudziwa, poti mayi awo anamwalira asananene zomveka. Bambo awo atatisiya, tebulo lawo lalitali lodyera linabwera kwathu. Tsiku loyamba kudyerapo, amuna anga anakhala kumutu, pamalo a malemu. Alamu anangoimirira, kutola chipewa, ulendo. Zaka zitatu osaponda pakhomo pathu, chifukwa cha mpando! Zinkandinyansa, komanso zinkandimvetsa chisoni, chifukwa ndinkawaona amuna anga akusuzumira basi iliyonse yodutsa kutsogolo kwa shopu.

Ine ndimasoka makushoni pakona ya shopu yomweyo. Tsiku lina ndinagula buku lakale pamsika, lothothoka chikuto. Inali nkhani ya mfumu ina yamakedzana ya ku Briteni, asilikali ake ovala zitsulo, ndi nkhalamba yamatsenga. Ndinayamba kuwawerengera amuna anga pa nkhomaliro, iwo atakhala pa benchi, pensulo ili kukhutu.

Abale inu, kuwerengera kalipentala ndi chintchito.

"Lupanga kukanirira m'mwala? Pamenepo panalowa guluu," anatero.

"Ndi matsenga, bambo."

"Matsenga ati? Ndipatseni hamala muone."

Asilikaliwo ankati ndi anthu ovala mapoto. Ine ndinkapsa mtima ndi mfumukazi, yomwe maso ake sankakhazikika, mpaka tsiku lina ndinasoka kushoni chagada. Koma titafika pamene asilikali ankalimbirana malo pakudya, mfumu n'kulamula kuti apange tebulo lozungulira kuti pasakhale wokhala kumutu, amuna anga anasiya kutafuna.

"Tabwerezani pamenepo."

Ndinabwereza.

"Lanena kuti linali la mainchesi angati?"

"Ndi nthano iyi, si buku la miyezo!"

Anangobwerera ku pulena yawo.

Ndiulule: ine ndinali nditabera kale kuwerenga mathero. Mfumu inadana ndi mnzake wapamtima, ndipo mnzakeyo pobwera kudzagwirizana nayo anapeza itafa. Ndinalira pamashini, n'kunamizira utuchi. Lachisanu ndinapinda tsamba limenelo pakona, n'kukapereka bukulo kwa akazi a alamu. Ndinkadziwa kuti alamu amawerenga chilichonse podikira kuti basi idzaze, ngakhale pepala lokulungira sopo.

Loweruka pobwera kogula ulusi, ndinamva sowo ikulira m'nyumba. M'nyumba! Nditalowa, utuchi mbwee pabalaza, pamakatani, ngakhale m'makapu anga a alendo. Mbali ziwiri za tebulo la apongozi zili pansi, amuna anga akuzungulira chotsalacho ndi chingwe ndi pensulo.

"Mwapenga? Tebulo la anthu khumi mwalisandutsa chivundikiro cha poto! Nanga nsalu yanga ndinapeta miyezi iwiri ija ndiyala pati?"

"Mudula, mayi. Si ndinu telala?"

Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi ulusi. Koma nditaona mmene ankakwechera m'mphepete ndi sandipepa mosamala, ndinangotenga tsache. Anapaka vanishi kawiri. Kenaka anakhala n'kumaliyang'ana.

"Ndiye alamu mukawaitana?" ndinafunsa.

"Ndikayamba bwanji?"

Munthu wodula tebulo la bambo ake osaphethira, kuopa kuyenda misewu inayi! Ndinkaopa kuti tebulo lapita pachabe, ndipo alamu sabwera.

Lamlungu masana ndikuthira tiyi, ndinamva kugogoda. Alamu anga, atavala yunifolomu, buku lili kukhwapa, maso ali psuu. Akazi awo ali kumbuyo, akunditsinzinira diso.

"Ndabweretsa buku lanu, alamu," anatero, akuyang'ana ine ndekha.

"Lowani, tiyi wapsa."

Analowa mwamphamvu ngati munthu wokonzekera mlandu, n'kulunjika pamene panali kumutu kwa tebulo. Anaima. Anazungulira kamodzi. Anazunguliranso, dzanja likusisita m'mphepete. Amuna anga anali chiimire pafupi ndi zenera, akunamizira kukonza katani.

"Iwe, tebulo la bambo walitani?"

"Ndalikonza."

"Kumutu n'kuti?"

"Ukakupeza, ukhale komweko."

Alamu anayesa kulimbitsa nkhope, koma phwete linawapulumuka. Anaseka mpaka kugwira mpando, akazi awo nawo, ine nane, vanishi akutinunkhira tonse.

"Ndiye iwenso wawerenga za anthu a mapotowa?" anafunsa amuna anga.

"Ndamaliza dzulo padepoti. Basi inadzaza, anthu akukuwa, ine osamva." Alamu anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mnzake uja anachedwa, iwe. Pofika anapeza mfumu itafa kale. Ndiye ndinati ine ayi, ndisachedwe."

Ine misozi inali kale m'masaya, ndipo panalibe utuchi woti ndiunamizire.

Mwadzidzidzi amuna anga anamenya tebulo, makapu n'kudumpha.

"Mfumu ifa? Iwe! Ife sitinafike pamenepo! Zaka zitatu osabwera, lero wabwera kudzandiwonongera buku?"

"Nanga ndikanadziwa bwanji kuti umawerenga ngati ukukoka ngolo?"

"Yafa bwanji? Waipha ndani? Ndi mfumukazi ija eti?"

"Ayi, ndi nkhani yaitali."

Amuna anga anakoka mpando woyandikana ndi wawo, n'kuupukuta ndi dzanja la malaya.

"Khala apa undiuze bwinobwino. Mayi, muthirireni tiyi m'bale wangayu."