Kamtima pa Kobiri la Bergsveinn

Moni kwa inu owerenga. Ndikuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka lero kuti ndikuuzeni za mnzanga Bergsveinn, amene timaimba naye mukwaya kuno ku Ísafjörður, tauni ya pagombe la nyanja m'dziko lathu lozizira la kumpoto.

Mkazi wake anamwalira kalekale. Loweruka lililonse ankapita ndi kobiri limodzi lakale kwa Steinvör, mayi wamasiye amene amayesa makobiri a nthawi imene dziko lathu linali ndi mfumu, ndi galasi lokulitsira zinthu. Chimene Bergsveinn ankafuna ndi ukwati, koma akangofika pakhomo lilime linkauma, n'kungotulutsa kobiri.

Kenaka makobiri anamuthera. Anatenga limene anapita nalo kale, n'kundikoka kuti ndimuperekeze.

Steinvör anatithirira khofi, n'kuweramira kobirilo.

"La 10 aurar, la chaka cha 1923. Chisoti cha mfumu chafufutika. Bergsveinn, ili munabwera nalo pa Lenti."

"Ayi, lija linali m'bale wake."

"M'bale wake wa chipsera chomwechi?"

Khofi ananditsamwa.

"Taonani bwino," anatero Bergsveinn, thukuta lili kamukamu. "Kamtima kalipo?"

Makobiri osulidwa ku Copenhagen amakhala ndi kachizindikiro ka mtima, ndipo Steinvör amadziwa zimenezo ngakhale ali m'tulo.

"Kanalipo pa Lenti, kalipo lero."

"Ndiye... mungakalandire?"

"Lofufutika chonchi? Ndili nawo anayi abwino."

Mnzanga anagwa nkhope, n'kuyamba kufufuza chipewa chake.

"Takhalani pansi," anatero Steinvör. Anamulozetsa galasi lija, diso lake likuoneka lalikulu ngati la nsomba. "Tsitsi latha. Mano ena ndi ogula. M'mbalimu mwaperepeseka ndithu. Koma palibe anapukutapo ndi mankhwala kuti anamize anthu, ndipo otere sapezekapezeka. Ndisunga."

"Kobirilo?"

"Kobiri pita nalo, iwe. Mawa tikatuluka m'tchalitchi tikaonane ndi abusa."

Bergsveinn anadzuka, anandigwira chanza ine, n'kugwiranso chanza Steinvör kawiri, akuthokoza khofi amene sanamulawe n'komwe. Anatuluka akuseka ngati mwana, ine pambuyo. Tinafika pa doko asanazindikire kuti akuponda chipale chofewa ndi masokosi okha. Nsapato zinatsala pakhomo pa Steinvör.

"Zisiye," anatero. "Zafika kwawo."

Ambuye amene amakondwera ndi okondwa akudalitseni, owerenga, ndipo akumasuleni lilime pa tsiku limene mudzafune kunena chabwino.